Chilombo cha ku Hawkins ndi Mantha Athu: Stranger Things Poionera ku Magomeni

Mu 1983, chaka chimene nkhani ya Stranger Things imayambira, ana a ku Magomeni mumzinda wa Dar es Salaam analibe wailesi ya kanema yoti aunjikane patsogolo pake madzulo. Zanzibar inali nayo yake kuyambira m'ma 1970, koma kumtunda anthu anadikira mpaka 1994 pamene ITV ndi anzake anayamba kuulutsa. Ife ku Malawi tinadikira kuposa apo, popeza TVM inatsegulidwa mu 1999. Mukafunsa munthu wachikulire wa ku Mwembechai kapena ku Mapipa, madera a ku Magomeni komweko, za 1983, adzakuuzani za mizere ya shuga ndi sopo, ndi za nkhondo yolimbana ndi obisa katundu imene nduna yaikulu Edward Sokoine inatsogolera. Mwana aliyense kukhala ndi njinga yakeyake, chipinda chapansi chosewereramo, timawailesi ta m'manja toyankhulirana usiku: zimenezo zinali za dziko lina.

Komatu filimu yomangidwa pa kupukwa ubwana wa ku America wa zaka zimenezo inafika kuno n'kupeza oikonda. Netflix inatsegula makomo ku Tanzania ndi ku Malawi mu Januwale 2016, patatsala miyezi yochepa kuti sizoni yoyamba ituluke pa 15 Julaye chaka chomwecho, ndipo amene bando ya intaneti imawakanika ali ndi njira yawo: timashopu toika mafilimu m'mafulashi, timene ku Magomeni tilipo monga tilili ku Ndirande ndi ku Kawale. Funso langa lili pawiri. Kodi filimu imene pafupifupi chilichonse mwa iyo n'chobwereka ku mafilimu akale imamugwira bwanji munthu amene zakalezo si zake? Nanga kubwerekako kunapirira masizoni onse asanu? Ndiulula zina za mmene nkhani imayendera, choncho amene sanaionere adziwiretu.

Anailenga ndi mapasa Matt ndi Ross Duffer, obadwa mu 1984 ku North Carolina. Chaka chimenechi n'chofunika. Anyamatawa sanaione 1983 ndi maso awo. Anaidziwira pa matepi a vidiyo. Zaka za m'ma 1980 za mu Stranger Things si zimene anthu anakhalamo, koma zimene anajambula Steven Spielberg ndi John Carpenter, ndi zimene analemba Stephen King. Ndipo eni ake sabisa. Zilembo zofiira za dzina la filimuyi n'zofanana ndi za pa zikuto za mabuku a King. Nyimbo za Kyle Dixon ndi Michael Stein zimalira ngati za mafilimu a Carpenter. Ana obisa mlendo wodabwitsa m'nyumba n'kuthawa anthu a boma pa njinga achokera mu E.T. ya 1982. Mayi woyankhula ndi mwana wake wosowa kudzera m'magetsi ndi m'khoma achokera mu Poltergeist ya chaka chomwecho. Mtsikana wa mphamvu zachilendo wothawa m'manja mwa boma ali mu Firestarter, buku la King la 1980. Anyamata oyenda m'njanji ali mu Stand by Me ya 1986. Ngakhale osewera ena anasankhidwa chifukwa nkhope zawo ndi chikumbutso: Winona Ryder wa mu Beetlejuice, Matthew Modine wa mu Full Metal Jacket.

Ena amati uku ndi kuba. Ine sindikuvomereza, ndipo aliyense amene anakula akumva nthano savutika kuona chifukwa chake. Agogo akayamba nthano ya Kalulu ndi Fisi, palibe mwana amene sadziwa kuti Fisi apusitsidwa. Timayankha kuti tili tonse osati chifukwa mathero ndi obisika, koma chifukwa tikufuna kumva mmene agogo ayendetsere lero njira imene tikuidziwa kale. Nkhani zoopsa zimadaliranso kwambiri chimenechi. Woonera akadziwa kuti magetsi akaphethira ndiye kuti chilombo chayandikira, mtima umayamba kugunda chilombocho chisanaoneke. Kudziwiratu n'kumene kumabala mantha. Choncho mlandu si wakuti a Duffer anabwereka. Tifunse kuti chobwerekacho chanyamula mantha enieni kapena changokhala chokongoletsa.

Pa sizoni yoyamba yankho langa n'losakayikitsa. Pa 6 Novembala 1983, m'tauni yongopeka ya Hawkins ku Indiana, mnyamata Will Byers akusowa pobwerera kwawo usiku. Pamwamba pa nkhani pali chilombo chopanda nkhope chimene anzake akuchitcha Demogorgon, dzina lochokera m'masewera awo a Dungeons & Dragons, ndiponso dziko lamdima lofanana ndi Hawkins yemweyo koma lovunda. Pansi pa nkhani pali zinthu ziwiri zimene America inaziopadi. China ndi kusowa kwa ana, kumene kunagwedeza dzikolo Etan Patz atasowa ku New York mu 1979, mpaka zithunzi za ana osowa zinayamba kusindikizidwa pa mapaketi a mkaka. China ndi boma loyesera zinthu pa anthu ake mobisa, monga CIA inachitira mu pulogalamu ya MKUltra kuyambira 1953, zimene zinaululika poyera m'ma 1970. Mtsikana Eleven, wometedwa mpala ndi kulembedwa nambala pa mkono, ndi mwana wa mbiri imeneyo.

Pali malo amodzi mu sizoni imeneyi amene Mmalawi sangawaonere mtima uli m'malo. Akuluakulu akulengeza kuti mtembo wa Will wapezeka m'madzi a pa kwale, ngozi basi. Mwambo wa maliro ukuchitika. Mayi ake, Joyce, akukana kuti mtembowo si wa mwana wawo, ndipo tauni yonse ikuwayesa amisala. Mkulu wa apolisi Hopper akulowa mozemba m'nyumba ya chisoni, akung'amba mtembowo ndi mpeni, n'kupeza kuti ndi chidole chodzaza thonje. Chaka chomwecho cha 1983, mu Meyi, Amalawi anauzidwa kuti nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, zafa pa ngozi ya galimoto ku Mwanza. Panapita zaka zoposa khumi kuti bungwe lofufuza limene linakhazikitsidwa mu 1994 linene poyera kuti anthuwo anachita kuphedwa ndi apolisi. A Duffer sankaganiza za Mwanza. Koma munthu wodziwa choona amene aliyense akumuuza kuti akhale chete, boma lanena kale, ameneyo timamudziwa popanda womasulira. Apa mpamene chizolowezi chakale cha mafilimu, cha boma lobisa chinsinsi, chimasiya kukhala cha ku America chokha.

Sizoni yoyamba inalinso ndi luso lopotoza zimene woonera akuyembekezera. Steve Harrington anabwera ngati mnyamata wodzimva wa pasukulu, mtundu umene m'mafilimu akale umafa kapena kuchita manyazi, koma anasintha, mpaka m'sizoni yotsatira anakhala mlezi wa ana. Nancy Wheeler, amene malamulo a mafilimu oopsa a nthawiyo akanamulanga chifukwa chogona ndi chibwenzi, ndi amene anatenga mfuti kukasaka chilombo. Amene anafa ndi Barb, mnzake wofatsa wosalakwa. Imfa imeneyo inapweteka chifukwa sinatsate lamulo.

Sizoni yachiwiri, ya Okutobala 2017, inachita zimene filimu ya Aliens inachita kwa Alien: chilombo chimodzi chinasanduka gulu. Anyamata anavala ngati a mu Ghostbusters, Will analowedwa mzimu ngati mwana wa mu The Exorcist. Chanzeru chinali kubweretsa Paul Reiser, amene mu Aliens ya 1986 anali kazitape wa kampani, kuti akhale dokotala wa boma. Woonera wodziwa zakale amamukayikira mpaka kumapeto, n'kupeza kuti ndi munthu wabwino. Koma munali mu sizoni imeneyi mmene munabadwira chizolowezi chimene chinadzaidya filimuyi. Anatibweretsera Bob Newby, woseweredwa ndi Sean Astin wa mu The Goonies, anatichititsa kumukonda, kenako anamupereka kwa zilombo.

Yachitatu, ya Julaye 2019, ndi imene ndimaiona yofooka, ngakhale ili yowala ndi yoseketsa kuposa zonse. Nkhani inasamukira ku sitolo yaikulu ya Starcourt m'chilimwe cha 1985, ndipo pansi pa sitoloyo panapezeka asilikali a Soviet Union ndi makina awo. Mmodzi wa iwo amayenda ndi kuyang'ana ndendende ngati Terminator. Anthu olandidwa matupi achokera mu Invasion of the Body Snatchers, nyama yosungunuka ichokera mu The Blob ndi The Thing. Zonsezi zinapangidwa mwaluso, koma taonani chimene chinasintha: mdani sanalinso boma lako lomwe, koma mlendo wa chiyankhulo china. Mantha oti amene akuyenera kukuteteza ndi amene akukudya analowedwa m'malo ndi nthabwala za nkhondo yapakamwa ya America ndi Russia. Kwa woonera wa ku Tanzania, dziko limene pansi pa Julius Nyerere linakana kukhala mbali imodzi pa mkangano umenewo ndipo njanji yake ya TAZARA inamangidwa ndi China, Mrasha woipa chifukwa ndi Mrasha saopsa. Ndipo malonda analowerera kwambiri: chakumwa cha New Coke cha 1985 chinabwezeretsedwa pa msika pofuna kutsatsa sizoniyi. Apa kupukwa zakale kunasanduka katundu wogulitsa.

Kenako mu 2022 inabwera yachinayi, ndipo inandibweza. Chilombo chake, Vecna, n'chobwereka kwa Freddy Krueger wa mu A Nightmare on Elm Street ya 1984, mpaka Robert Englund, amene ankasewera Freddy, anapatsidwa gawo ngati Victor Creel. Koma Vecna sasankha mwachisawawa. Amalowa mwa achinyamata amene ali ndi bala mumtima limene sanauze munthu. Mtsikana Max, amene akudziimba mlandu pa imfa ya mchimwene wake Billy, akupulumuka chifukwa anzake akudziwa nyimbo imene amaikonda, ya Kate Bush ya 1985, ndipo nyimboyo ikumukumbutsa kuti ali ndi anthu. Nyimboyo inafika pa nambala wani ku Britain mu Juni 2022, patapita zaka 37 chitulukireni. Apa chinthu chakale sichinali chokongoletsa ayi. Chinali chingwe chokokera mwana kuchoka kumanda.

Chachikulu kwa ine mu sizoni imeneyi ndi Eddie Munson. Ndi mnyamata wosauka wa tsitsi lalitali, wokonda nyimbo zaphokoso, mtsogoleri wa kagulu kosewera Dungeons & Dragons. Mtsikana akufera m'nyumba mwake m'njira yosamveka, ndipo tauni ikugamula kuti Eddie ndi wa Satana. Mnyamata wolemekezeka wa timu ya basketball akuimirira pa msonkhano, akutchula mawu a m'Baibulo, anthu akutuluka kukasaka. Izi zinachitikadi ku America m'zaka zimenezo, ndipo a Duffer ananena kuti pomulenga Eddie ankaganiza za Damien Echols, mmodzi wa anyamata atatu a ku West Memphis amene anamangidwa mu 1993 n'kutulutsidwa mu 2011.

Nkhani imeneyi ndi yathu kuposa mmene tingafunire. Mukakwera basi ya mwendokasi ku Magomeni Mapipa kulowera m'tauni, mukangowoloka dambo la Jangwani mumafika pa siteji ya Fire, pafupi ndi likulu la ozimitsa moto. M'nthawi ya atsamunda, m'matauni a kum'mawa kwa Africa munkayenda mphekesera yoti ozimitsa moto amagwira anthu usiku n'kuwapopa magazi; wolemba mbiri Luise White anasonkhanitsa nkhani zotere m'buku lake la mu 2000. Mu 1959 ku Buguruni, mumzinda womwewu, mphekesera ya opopa magazi, amene Aswahili amati mumiani, inabutsa chipolowe chimene chinaphetsa wapolisi. Kwathu, kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe ndi madera ena a Blantyre pakati pa 1968 ndi 1970 kunabala mphekesera yoti magazi akupita ku South Africa. Anamapopa anabweranso mu 2002, ndiponso mu 2017 pamene mantha anayambira ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, ku Thyolo mpaka ku Blantyre. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena, ndipo anthu angapo anaphedwa ndi magulu olusa, mmodzi wa iwo munthu wodwala khunyu. Palibe namapopa amene anagwidwa ndi umboni. Amene anafa ndi alendo, odwala, ndi anthu ooneka mosiyana ndi anzawo. Stranger Things inanena zoona pamenepa: chilombo chikhalepo kapena chisakhalepo, khamu la anthu amantha limapha Eddie amene ali pafupi.

Koma ngakhale pano chizolowezi chija chinapambana. Eddie anaimba nyimbo ya Metallica pa gitala yake m'dziko lamdima, kenako anafa. Woonera watcheru anali atadziwa kale, chifukwa mndandanda unali utaoneka: Barb, Bob, Alexei wa mu sizoni yachitatu, tsopano Eddie. Sizoni iliyonse imalera mlendo wokondeka kuti adzaphedwe, pofuna kuti eni nkhani asakhudzidwe. Ndipo eni nkhaniwo akafa, sakhalitsa kumanda. Eleven anazimirira kumapeto kwa sizoni yoyamba n'kubwerera. Hopper tinamulira mu 2019, mu 2022 tinamupeza ali m'ndende ku Kamchatka. Dr. Brenner, amene ankayesera zinthu pa Eleven, anabwerera. Mtima wa Max unaima n'kuyambanso kugunda. Apa pali kusiyana kumene ndikufuna owerenga akugwire. Kubwereka kwa Spielberg ndi King kunaipatsa filimuyi moyo. Kudzibwereka yokha n'kumene kunaifooketsa, chifukwa filimu yoopsa imene woonera watsimikiza kuti okondedwa ake sangafe yataya mano.

Sizoni yomaliza inatuluka m'zigawo zitatu, pa 26 Novembala, pa 25 Disembala ndi pa 31 Disembala 2025. Nkhani ili mu 1987, Hawkins yazingidwa ndi asilikali, ndipo Linda Hamilton wa mu The Terminator walowa ngati Dr. Kay. Mwana akusowanso, ulendo uno Holly, mng'ono wake wa Nancy. Pofika apa zakale zimene filimuyi ikupukwa si za 1983 zokha, koma za 2016, za iyo yomwe. M'nkhani munadutsa zaka zinayi, kunja kuno zisanu ndi zinayi. Millie Bobby Brown anali ndi zaka 12 pamene tinamuona koyamba ngati Eleven, ndipo anamaliza ali ndi 21. Amene anayamba kuionera ali ku pulayimale anaimaliza ali pa ntchito kapena akusaka ntchito. Misozi ya kumapeto inali ya ubwana wa oonera eni ake, ndipo sindikuipeputsa. Koma imeneyo ndi mphamvu ya kutsanzikana, osati ya mantha.

Tinenenso kuti kupukwa kumasankha zokumbukira. Hawkins ili ndi chikwangwani cha Reagan pa kapinga, koma Edzi, imene inkapha achinyamata a ku America zaka zomwezo, simveka kwenikweni. Kwa ife matendawa ndi amene anatsegula zaka zimenezo: ku Tanzania odwala oyamba anapezeka mu 1983 ku Kagera, ku Malawi mu 1985. Lucas, mnyamata wakuda wa m'gululi, tsankho limamukhudza mwa apo ndi apo, ngati mphepo yodutsa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Filimuyi inatsegula mkuyuwo, koma nyerere zina inasankha kusaziona.

Nanga tsono kupukwa kwa woonera wa ku Magomeni kukuchokera kuti, poti njinga ndi chipinda chapansi sizinali zake? Ndikuganiza kuti kukuchokera ku malo amene anaonera mafilimu omwe a Duffer anaonera. Ali Hassan Mwinyi atalowa m'malo mwa Nyerere mu 1985 n'kumasula malonda, madeki ndi matepi anayamba kulowa, ndipo m'makwalala munabadwa timisasa toonetsa mafilimu timene Aswahili amati vibanda umiza, abale ake a mavidiyo shoo athu. Mmenemo, pa mabenchi, ana anakumana ndi Rambo, Commando, Terminator ndi Freddy. Kenako kunabwera omasulira, monga Derek Gaspar Mukandala wodziwika kuti Lufufu, amene ankayankhula Chiswahili pamwamba pa filimu, ntchito imene anyamata a kwathu amaichitanso m'Chichewa. Choncho Linda Hamilton akatulukira pa sikirini, mwamuna wa zaka makumi anayi wa ku Magomeni Kagera ali ndi chomukumbutsa: mdima wa m'kamsasa, ndalama yachitsulo yolowera, ndi mantha obwerera kunyumba mochedwa. Iye ndi a Duffer anaphunzira sukulu imodzi ya matepi.

Ndipo Dar es Salaam inayesapo kale kuchita ndi mantha ake zimene a Duffer anachita ndi awo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Mussa Banzi anatulutsa Nsyuka, filimu ya mzimu wochokera m'zikhulupiriro za Anyakyusa, abale a Angonde a ku Karonga, kenako Shumileta, ya chiwanda chachikazi. Banzi anabwereka ku mafilimu a ku Nigeria ndi a ku America mopanda manyazi, koma chimene chinkatuluka m'manda chinali cha kwawo, ndipo anthu anakhamukira. Zopangira zina zili ponseponse. Mphekesera ya chiwanda chotchedwa Popobawa inasowetsa anthu tulo ku Pemba mu 1995. Ku Magomeni Mwembechai komweko kunkakhala Sheikh Yahya Hussein, wolosera za nyenyezi amene ankayankhula za majini pa wailesi ya kanema mpaka imfa yake mu 2011. Chimene chikusowa, ku Tanzania ndi ku Malawi komwe, ndi filimu yaitali ya masizoni imene ingabwerere ku chaka chenicheni, n'kumanga mudzi wake mokhulupirika, wailesi ya MBC ikulira pa khonde, makadi a chipani akufunsidwa pa chipata cha msika, ana akutumidwa kukagula parafini kutada, kenako n'kulowetsamo choopsa chimene agogo athu ankachinong'ona.

Chigamulo changa pa Stranger Things n'chakuti sizoni yoyamba ndi yachinayi zidzakhalitsa, chifukwa m'menemo zobwereka zinanyamula mantha amene anthu anakhala nawodi. Yachitatu idzakumbukika ngati chisangalalo cha nyengo yake. Kwa olemba ndi ojambula mafilimu athu, a ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Chipata ndi amene ali ku Dar es Salaam, pempho langa ndi ili: musatengere Demogorgon. Pitani kwa anthu amene anali ana mu 1970 ku Chilobwe, mu 1983 ku Mwanza, mu 2017 ku Mulanje, muwafunse chimene chinkawaletsa kutuluka usiku ndi amene anavutika chifukwa cha manthawo, ndipo mulembe mayankho awo anthuwo akadali moyo.